Kodi Ndi Mwera Unamiza Vipya?

Kuno ku Kalikiliki kulibe nyanja. Madzi amene tiwadziwa ife ndi a pampopi, amene akazi amawaimira pamzere ndi zigubu m'mamawa, ndi aja a dzinja amene amalowa m'nyumba osaodira. Mwana wobadwira kuno angathe kukula mpaka kumera ndebvu asanaone bwato ndi maso ace. Cotero wina angadabwe kuti munthu wa m'komboni muno alemberanji za sitima za pamadzi ndi malamulo a padoko. Koma pakati pathu, pamodzi ndi ife a ku Chipata, Katete ndi Petauke, pali machona amene iwo eni kapena makolo ao anacokera m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, nadza kuno kudzafuna nchito, osabwereranso. Nyanja anaisiya m'mbuyo, koma nkhani zace anadza nazo.

Usiku wina tirikucezera pamaliro, amuna titazinga moto panja, agogo ena a ku Nkhata Bay anatisimbira za sitima ya Vipya. Anati mwa anthu amene anamira nayo munali mlongo wa amai ao, ndipo popeza mtembo sunaoneke, kumudzi anaika thunthu la nthoci m'manda. Mnyamata wina anafunsa nati, "Agogo, cinamiza sitimayo n'ciani?" Iwo anayankha, "Mwera, mdzukulu wanga. Tsoka silinunkha." Tonse tinabvomera ndi mitu, pakuti pamaliro si potsutsana ndi akulu. Koma ine yankholo silinanditsike kukhosi. Nkhani ya Vipya imasimbidwa mosiyanasiyana, ndipo wosimba ali yense amaloza cala kwina. Ndifuna kuti tiyese kusimba kumeneku monga amayesera mboni pabwalo, tione ngati cala cirikuloza pamene pali mwini mlandu.

Tiyambe ndi zimene palibe azitsutsa. Vipya inali sitima ya kampani ya Nyasaland Railways, imene inkayendetsa njanji ndi sitima za panyanja m'dziko la Nyasaland. Dzina lace analitenga ku mapiri a Vipya a kumpoto. Zitsulo zace zinasulidwa ku Britain nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati, nizibwera zidutswazidutswa. Anazilumikiza m'mbali mwa nyanja momwemo, naiponya pamadzi m'caka ca 1944. Utali wace unali pafupifupi mamita 43, ndipo anaipangira anthu 315 ndi katundu wa matani 100. Nchito yonyamula anthu inaiyamba mu June 1946. Pa 30 July caka comweco, iri pa ulendo wocokera ku Mbamba Bay, tsidya la kum'mawa m'dziko la Tanganyika, kulinga ku Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, kunsi kwa phiri la Livingstonia, inakomana ndi mafunde akulu, nipendekeka, nigubuduka, nimira. M'katimo munali anthu 194. Anafa 145, ndipo 49 okha anafika kumtunda, ena atakangamira pa matabwa ndi zina zoyandama. Kapitao wace anamira nayo pamodzi. Kufikira lero palibe ngozi ina ya pamadzi m'dziko la Malawi imene inatha anthu oculuka cotere.

Tsono titenge yankho la agogo aja. Mwera ndi mphepo youma ndi yozizira imene imaomba panyanja m'miyezi ya cisanu, makamaka June, July ndi August. Nyanjayo ndi yaitali makilomita oposa 550 koma yopapatiza, ndipo inagona kucokera kumwera kulinga kumpoto pakati pa mapiri monga ngalande. Mphepo ikalowa m'ngalandemo iribe coiletsa; imakankha madzi ulendo wonsewo, ndipo mafunde amene ali ang'ono ku Mangochi amakafika kumpoto atatalika kuposa munthu woimirira. Kumpoto komweko ndiko kuli madzi akuya, pena mamita 700. Ponena kuti mwera ndi woopsa, agogo sananame.

Koma mwera si mlendo. Sufika mwakabisira ngati mbala. Uli ndi miyezi yace monga mvula iri ndi miyezi yace, ndipo msodzi ali yense wa ku Usisya amadziwa kuwerenga mitambo ndi nkhope ya madzi, nakokera bwato lace pamcenga nthawi ikalipo. Azungu naonso sanali osadziwa. David Livingstone anaulawa ukali wa nyanjayi m'caka ca 1861 ali m'ngalawa yaing'ono, naicha nyanja ya anamondwe. Pa 2 September 1895 Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira pamene ngalawa yace ya matanga inagubuduzidwa ndi mphepo. Manda ace ali ku Nkhotakota. Sitima imene a mishoni anaicha dzina la bishopuyo inayamba kuyenda mu 1901, ndipo pofika 1946 inali itapyola nyengo za mwera zaka 45 osamira. Guendolen, sitima ya Boma ya m'caka ca 1899, inayenda zaka makumimakumi comweco. Nanga bwanji sitima yatsopano, ya injini ziwiri, inagonja isanathe ngakhale miyezi iwiri ciyambire kunyamula anthu?

Munthu akamanga nyumba ku Kalikiliki kuno, nigwa ndi mvula yoyamba ya November pamene nyumba za anansi ace ziri ciimire, sitimati mvula yalakwa. Timafunsa za mmisiri, za simenti imene anathira, ndi za amene anamlola kumanga m'cigwa. Mau akuti tsoka silinunkha ndi abwino potonthoza wolira, ndipo pamaliro ndi pamalo pace. Koma akalowa m'bwalo la milandu amasanduka bulangeti lofunditsa olakwa.

Mnyamata wofunsa uja anandiperekeza pobwerera, nandiuza maganizo ace. Anati mosakaika sitimayo anaidzaza kupyola muyeso. Sindimdzudzula, pakuti iye anakulira pa siteshoni ya minibasi, pamene angwangwazi sanena kuti galimoto yadzala kufikira citseko cikana kutsekeka. Ambiri a ife tikamva kuti bwato lamira timaganiza comweco, ndipo kawirikawiri timalondola. Koma pa Vipya masamu akana. Malo anali a anthu 315, ndipo analimo 194. Kalaliki woima padoko ndi pensulo yace kuwerenga mitu akadalemba kuti zonse ziri bwino, ndipo sakadanama. Apa ndi pamene ngozi iyi isiyana ndi zinzace, pakuti itionetsa kuti sitima ikhoza kukhala yosadzala, komabe yosayenera kucoka padoko.

Kuti timve bwino, tiyang'ane njinga za malasha zimene zimalowa mu Lusaka mbanda kuca. Wina amamanga matumba anai m'munsi, awiri uku awiri uku, nayenda bwino. Mnzace amamanga atatu okha, koma mosanjikiza kufikira apyola mutu wace. Wa matumba atatuyo ndiye adzagwa pokhota, ngakhale katundu wace ndi wocepa, cifukwa cogwetsa si kulemera kokha ai, koma pamene kulemerako kwakhala. Sitima iri cimodzimodzi. Funde likaikankha imapendekeka. Ngati kulemera kwace kuli pansi imadzuka yokha msanga, koma ngati kuli pamwamba imacedwa kudzuka, funde laciwiri niliipeza ikali copendekeka, madzi nalowa pa mazenera ndi pa zitseko za katundu. Madzi akalowa amathamangira mbali yomwe yatsika, naonjeza kulemera komweko. Kucokera apo yatsala nchito ya mphindi zowerengeka, ndipo ngakhale mabwato opulumukira akhale oculuka motani, palibe nthawi yowatsitsa. N'cifukwa cace sitima imene iribe katundu wokwanira m'mimba mwace amaiika zolemera dala, miyala, zitsulo, kapena madzi m'matanki a pansi. Kwa munthu wa kumtunda ici cimveka ngati misala, kulemetsa cinthu kuti cisamire. Koma sitima yopepuka m'munsi iri pangozi kuposa yodzala bwino.

Mwa amene analemba za Vipya pambuyo pace, ambiri ananena kuti inali yolemera kumwamba, kuti zomangidwa pamwamba pace zinaculukira thupi lace. Ngati ananena zoona, cirema cimeneci sicinabadwe pa 30 July. Cinalipo kale sitima ikali padoko, ndipo cinali cotheka kucipima. Njira yace amisiri a sitima anaidziwa kale lomwe, ndipo si ya matsenga. Sitima iri pa madzi abata, amapacika cingwe ca mwala conga ca mmisiri womanga khoma, nasuntha zitsulo za kulemera kodziwika kucokera mbali ina kunka mbali ina, nayesa m'mene cingweco capatukira. Pamenepo ndi masamu amadziwa pamene pagona kulemera kwa sitima yonse, ndi kuti idzapendekeka kufika pati isanalephere kudzuka. Sitima yosulidwa ku Glasgow, yoyenda yokha kunka ku nyanja zamcere, imayesedwa komweko. Koma yobwera m'mabokosi, yolumikizidwa ndi manja ena pa gombe lina, pamene wina angaonjeze ici nacotsa ico, pepala la kwa osula silikwanira. Iyenera kuyesedwa pa madzi amene idzayendapo, ndipo woiyesayo akhale munthu amene mau ace akhoza kuletsa ulendo.

Kusimba kwina kumaika mlandu wonse pa kapitao. Amati anali munthu wozolowera nyanja zamcere, wopeputsa nyanja ya pakati pa dziko ngati thamanda, ndi kuti anakana kumvera amarinyero ace pamene anamcenjeza za mphepo. Nkhani iyi imatikomera ife anthu akuda, pakuti muli Mzungu wodzikuza ndi wakuda wanzeru wosamvedwa, ndipo zotere zinalikucitika masiku amenewo m'maofesi, m'migodi ndi m'minda momwe. Sindiikana. Kapitao ndiye mwini ulendo. Kunyamuka, kubisala, kutembenuza sitima pakati pa mafunde, kutseka mazenera ndi zitseko, zonsezi ziri m'manja mwace, ndipo wonyoza mau a anthu obadwira panyanja ali ndi mlandu. Koma tizindikire kuti nkhani yomweyi ndi yokomeranso eni sitima. Wakufa sayankha. Mlandu ukaikidwa pa iye umamira naye pamodzi, ndipo amene anajambula sitima, amene anailumikiza, amene anabvomereza kuti inyamule anthu, ndi amene analemba ndandanda ya masiku ofikira pa doko liri lonse, onsewo amabwerera ku nchito m'mawa mwace manja ali oyera. Pamene wolamulidwa ndi wolamula akondwera ndi nkhani imodzimodzi, ndi bwino kuiyang'ana kawiri.

Ndiponso kulakwa kwa kapitao sikufafaniza cirema ca sitima. Ziwirizi zimayendera pamodzi. Sitima yabwino imakhululukira woiyendetsa. Palibe kapitao amene sanalakwepo, ndipo oyendetsa Chauncy Maples ndi Guendolen sanali angelo. Malamulo a sitima anaikidwira ici comwe, kuti kulakwa kwa munthu mmodzi pa tsiku limodzi kusaphe anthu 145.

Tifike tsono padoko penipeni, pamene ine ndiyesa kuti mlandu unayambira. Tikamva mau akuti doko timaganiza za Beira kapena Dar es Salaam, kumene kuli makoma a simenti, nyali zolozera njira, ndi mkulu wa doko amene sitima siicoka popanda cilolezo cace. Madoko ambiri a Nyanja ya Nyasa masiku a ulamuliro wa Angerezi sanali otero. Anali gombe la mcenga, mtengo wa mthunzi, kasitolo ndi shedi ya katundu. Sitima inkaponya nangula patali, ndipo anthu ndi mitolo yao, nkhuku, njinga ndi matumba a mpunga ankawatengera m'mabwato ang'ono, ena atayamba alowa m'madzi mpaka m'ciuno. Pa malo otere wamkulu koposa ndi kapitao, ndipo pamwamba pa kapitao pali kampani yomlemba nchito. Bwana DC, akhalepo kapena asakhalepo, ndi wa misonkho ndi milandu ya kumtunda; za m'mimba mwa sitima sazidziwa. Munthu wacitatu, wodziwa sitima koma wosadya za kampani, amene angaime pamcenga nanena kuti, "Lero simucoka," ndiye amene gombe lotere linamsowa.

Ife a m'tauni ici ticidziwa bwino, ngakhale siticiganizira. Pa galasi la minibasi pamamatidwa kapepala ka fitinesi, ndipo wopereka kapepalako si mwini minibasi. Tsiku limene eni magalimoto adzaloledwa kudzilembera okha timapepala timeneto, ine ndidzayamba kupita ku tauni pansi.

Ndipo kampani ya njanji ndi Boma la ku Zomba sanali alendo. Njanji ya ku Beira, ndi ulalo waukulu wa pa Zambezi ku Dona Ana umene unatsegulidwa m'caka ca 1935, zinamangidwa ndi ngongole zimene Boma la Nyasaland linazisenza zaka zambiri. Nthawi yomweyo njanji inafika ku Chipoka ndi ku Salima, kuti katundu wa kumpoto adzere panyanja nakwere sitima ya pamtunda. Cotero sitima za pamadzi zinali mwendo wina wa njanjiyo, ndipo Boma linali ndi njala yakuti ziyende ndi kubweza ndalama. Sindinena kuti wina anakhala pansi napangana kumiza anthu. Maganizo otero ndi opusa. Ndinena kuti woyesa ndi woyesedwa akamadya mbale imodzi, diso la woyesa limaodzera. Sitima imene anthu anaidikira nkhondo yonse, imene ndalama zambiri zinalowapo, siisowa oifunira zabwino. Imasowa munthu mmodzi woikaikira, amene malipiro ace sacokera kwa mwini.

Pali cinanso ca masiku amenewo cimene sitiyenera kucilumpha. Sitima za panyanja zinali ndi magulu monga sitima za pamtunda: zipinda za pamwamba, za mphepo yabwino, zinali za Azungu, malo a pansi anali a anthu akuda, amuna opita ku nchito kapena obwerako, ndi akazi ndi ana. Sitima ikagubuduka, wa pansi ndiye ali kutali ndi khomo. Oculuka mwa anthu 145 aja anali anthu akuda, ndipo m'caka cimeneco analibe ndi mmodzi yemwe wa mtundu wao m'bungwe lopanga malamulo ku Zomba, pakuti Aafrika oyamba analowamo mu 1949. Lamulo limakula msanga kumene akufa ali ndi abale okhoza kubvutitsa Boma.

Munthu asatiuze kuti nzeru zimenezi kunalibe. Ku Britain komweko, zaka 70 Vipya isanamire, Samuel Plimsoll anasautsa nyumba ya malamulo cifukwa ca eni sitima amene ankatumiza zombo zoola ndi zodzala kupyola muyeso, podziwa kuti zikamira adzalandira ndalama za inshuwalansi. Lamulo la 1876 linakakamiza kuti pa nthiti ya sitima pajambulidwe mzere, umene ukamira m'madzi ndiye kuti katundu wapyola. Koma taonani cimene cinacitika. Poyamba lamulolo linamsiya mwini sitima kuti asankhe yekha pojambula mzerewo, ndipo panapita zaka 14, kufikira 1890, kuti Boma lidzitengere mphamvu yonena pamene mzere uyenera kukhala. Angerezi anaphunzira ndi mitembo ya amarinyero ao kuti wogulitsa sakhala mboni ya sikelo yace. Titanic inamira mu April 1912 ndi anthu oposa 1,500. Mabwato ace opulumukira anali okwanira ngati theka lokha la okwera, komabe siinaphwanye lamulo, pakuti lamulolo linali lakale, lolembedwa sitima zisanakule cotero. Pambuyo pace maiko anapangana pangano la kusunga moyo panyanja m'caka ca 1914, nalikonzanso mu 1929. Koma mapangano amenewa anali a sitima za pa nyanja zamcere. Nyanja za pakati pa Afrika anazisiya m'manja mwa Boma la dziko liri lonse, ndipo zitsulo za sitima zinafika ku Nyasa msanga kuposa nzeru zozisungira.

Umboni umene ine ndiuyesa wamphamvu koposa unaperekedwa ndi kampani yomweyo, osati ndi pakamwa koma ndi thumba. Itataya Vipya inaitanitsa sitima ina kwa Yarrow ku Scotland. Anaisula m'caka ca 1949, nibwera zidutswa kudzera ku Beira ndi panjanji kufikira ku Chipoka, niyamba nchito mu 1951. Imeneyo ndiyo Ilala, imene inalowa dzina la kasitima ka a mishoni ka m'caka ca 1875. Ndipo dzinalo ndi la kuno kwathu, dziko la Alala kumene Livingstone anafera kwa Chitambo. Anaipanga yaikulu, mamita 52, ndi yokhazikika pamadzi. Ilala yayenda pa nyanja yomweyo zaka zoposa 70, nikomana ndi mwera caka ndi caka, nthawi zina itasenza anthu ndi katundu mocititsa mantha. Yagundapo miyala, yakhalapo miyezi padoko irikukonzedwa, koma siinagubuduke. Mphepo ndi yomweyo imene inaomba mu July 1946. Ngati mwera ndiwo unali mwini mlandu, bwanji Ilala inauleka?

Pano wina anganene kuti zonsezi ndi zoipa za Azungu, ndipo zinapita nao. Ndikadakonda zikadatero. Pa 21 May 1996, Tanzania itadzilamula yokha zaka zoposa 30, sitima ya Bukoba inagubuduka pa Nyanja ya Victoria isanafike ku Mwanza (Mwanza wa ku Tanzania, si wa ku Malawi ai), nitha anthu oposa 800. Inali yodzala kupyola muyeso, ndiponso inali yodziwika kale kuti siikhazikika bwino pamadzi. Zirema zonse ziwiri zinakomana m'sitima imodzi, ndipo eni ace anali bungwe la njanji la Boma. Pa 20 September 2018 sitima ya Nyerere inagubuduka pa nyanja yomweyo, doko la cilumba ca Ukara lirikuoneka ndi maso, nafa anthu oposa 200. Mbendera inasintha, koma mbale ya woyesa ndi woyesedwa siinasweke.

Ife a Zambia tiribe nyanja yamcere, koma tiri ndi doko la Mpulungu pa Tanganyika, ndi mabwato osawerengeka pa Bangweulu, pa Mweru, pa Kariba ndi pa Zambezi. Lamulo lirimo m'mabuku, Inland Waters Shipping Act, lonena za kulembetsa zombo ndi kuziyesa. Ena mwa inu amene mwatsiriza sukulu mudzatumizidwa ku malo otere kukakhala akalaliki, apolisi, kapena oyesa zombo. Pepala lidzafika pa tebulo lanu, mwini bwato ataima pambali ndi kumwetulira, okwera alikudandaula panja kuti dzuwa lapita, ndipo mwina mwini bwatoyo adzakhala Boma lomwe likulipirani. Woletsa ulendo sayamikidwa, pakuti anthu amene anawapulumutsa sadziwa kuti anapulumuka. Amangodziwa kuti anagona ndi njala pagombe.

Ku Mangochi, kumene kale kunkachedwa Fort Johnston, pafupi ndi nsanja ya koloko ya cikumbutso ca Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya pa Guendolen, sitima imene inaombera sitima ya Ajeremani mu August 1914, ndiponso pali cikumbutso ca anthu 145 a pa Vipya. Nkhani ya mfutiyo alendo amaisimbiridwa mokoma, ndi nthabwala zace zomwe. Ya Vipya ine sindinaipeze m'mabuku amene ndinaphunzira nao kusukulu. Steve Chimombo anailembera ndakatulo m'Cingerezi mu 1996, patapita zaka 50. Koma abale a anthu omirawo analira m'Citonga, m'Citumbuka ndi m'Cinyanja, ndipo kwa ambiri a iwo nkhaniyi yakhala ya pakamwa, pamene imafupika mbadwo ndi mbadwo, kufikira pa moto wa maliro ku Kalikiliki yatsala liu limodzi lokha: mwera.

Patapita sabata ndinapita kunyumba kwa agogo aja. Ndinawapeza alikuothera dzuwa pakhonde, ndipo ndinawafotokozera zonsezi, za matumba a malasha ndi za cingwe ca mwala zomwe. Anamvetsera osandidula. Nditatha anakhala cete kanthawi, nati, "Tsono iwe uti amalume anafa asanakwere n'komwe?" Ndinati, "Sinditero, agogo. Nditi sitimayo siinayenera kuwalandira." Iwo anati amai ao sanakwerenso sitima kufikira imfa yao, ngakhale Ilala itabwera, pofuna kukaona abale ku Nkhotakota ankayenda pansi m'mbali mwa nyanja masiku angapo, ndi kugona m'midzi. Pamenepo anandifunsa ngati Azungu anaibvuula sitimayo. Ndinawauza kuti ai, ikali pansi pomwepo, kufupi ndi Chitimba, pa madzi akuya. Anagwedeza mutu, naitana mdzukulu wao kuti andibweretsere madzi akumwa.